Buku la Alamu Anga

Makatoni a mabuku atsopano akafika ku laibulale kwathu, anzanga amathamangira kukanunkhiza mapepala. Ine ndimayamba ndavula nsapato n'kumwa madzi, chifukwa ndimadziwa kuti mutu undiwawa. Ndine woyang'anira chipinda cha ana ndi achinyamata, ndipo ndili ndi lamulo langa limene palibe anandipatsa: buku silikwera pa shelefu ndisanaliwerenge mpaka kumapeto.

Ulendo uno anabwera ambiri. Loyamba linali la mswachi wolankhula. Mswachiwo unkayenda khomo ndi khomo kudzudzula ana, ndipo anawo m'malo mothawa, monga angachitire mwana aliyense wa mutu wabwinobwino, ankaugwadira n'kumauthokoza. Lina linali la mwana wamasiye amene ankamenyedwa tsamba lililonse koma osakwiya ngakhale kamodzi. Wojambula zithunzi anam'patsa chala china chapadera kudzanja lamanzere, kaya pomupepesa. Kenako ndinafika pa mabuku a achinyamata. Mmenemo mnyamata ndi mtsikana amakumana pampopi wa kusukulu n'kumauzana kuti, "Mnzanga wokondedwa, tiyeni tiganizire za tsogolo lathu." Ine ndakalambira m'chipinda chino. Ndawamva achinyamata akunong'onezana kuseri kwa mashelefu, ndasesapo timapepala tawo pansi pa matebulo. Zomwe amauzanazo sindingazibwereze pano, koma za tsogolo mulibemo.

Anthu olemba mabukuwa sindidziwa kuti ubwana wawo anakautaya kuti. Amalemba ngati anabadwa atavala kale tayi.

Kamodzi kokha ndi kamene kanandigwira mtima, kabuku kopyapyala ka kamtsikana koopa galu wa aneba. Kamazungulira njira yaitali popita kusukulu, ndipo pomaliza galuyo amakalamba n'kumangogona padzuwa, iko kakumuopabe. Mulibe phunziro lililonse. Ndinakaika pa shelefu ya m'munsi, pomwe timanja ting'onoting'ono timafikira.

Pansi penipeni pa katoni yomaliza ndinakumana ndi nkhope yoidziwa. Inali pachikuto chakumbuyo, dzanja lili pachibwano, maso akuyang'ana kutali ngati munthu wodikira basi yomwe inadutsa kale. Anali alamu anga, amuna a mng'ono wanga.

Bambo amenewa anagwira ntchito ya inshulansi mpaka kupuma. Atangopuma anagula chipewa ndi magalasi omwe dokotala sanawalembere, n'kuyamba kudzitcha mlembi. Pamaliro, paukwati, paliponse pomwe anthu akhala pansi osatha kuthawa, ankayamba ndi mawu akuti "ife olembafe". Ndinkaganiza kuti ndi matenda oti atha okha ngati chimfine. Koma taonani, buku linali m'manja mwangamu, lolemera ndithu, mutu wake wakuti "Misozi ya Mwana Wosamva".

Ndili chiyang'anire, bwana wamkulu wa laibulale analowa akutikita manja.

"Mwalipeza eti? Loweruka likubwerali tilikhazikitsa m'chipinda chanu chino. Mlembiyu ndinaphunzira naye limodzi, ndiye ndamvanso kuti ndi alamu anu. Mwayi wake! Ndaitana kale atsikana a kusekondale yapafupiyi."

"Mwaliwerenga, bwana?"

"Ndaliona," anatero. "Pepala lake ndi labwino kwambiri."

Ndinaliyamba nthawi ya nkhomaliro, tiyi ali pambali. Masamba oyambirira onse ankafotokoza za bambo wina wolemekezeka, wofatsa, wanzeru zakuya, amene anthu ankaimirira akamadutsa. Zinanditengera kanthawi kuti ndizindikire kuti alamu anga akudzifotokoza okha. Ndinaseka ndekha mpaka mwana wina amene ankajambula pakona anandiyang'ana. Kenako m'nkhanimo munalowa mwana wamkazi wa bamboyo, dzina lake Timba. Timba anali ndi chipsera pansidze yakumanja chomwe anachipeza atagwa panjinga. Ankaluma chala chachikulu akamanama. Akamatsuka mbale ankaimba, akulakwitsa dala mawu a nyimbo kuti amayi ake aseke.

Tiyi uja anazizira osamwedwa.

Mng'ono wanga ali ndi mwana mmodzi yekha, wamkazi. Timamutcha Phwiti chifukwa anabadwa wochepa ngati kambalame koma phokoso lake lodzaza nyumba. Njinga imene inamugwetsayo ndinamugulira ndine. Alamu anga, pa luso lawo lonse, anangosintha mbalame: phwiti n'kukhala timba.

Phwiti anatenga mimba asanamalize sekondale. Bambo ake anamuikira chikwama panja n'kukhoma geti. Anabwera kwanga, anakhala mpaka kuchira, mwana wamkazi wathanzi. Kenako anaphunzira kuluka tsitsi, ndipo pano ali ndi mpando wakewake mu saluni ina pafupi ndi depoti ya basi. Amayi ake amapita kukamuona mozemba ngati akukaba. Bambo ake mdzukulu wawoyo anali asanamuonepo ndi maso.

M'bukumo geti ikukhomedwa ndithu, koma bamboyo akuikhoma "misozi ikuyenderera, chifukwa cha chikondi". Timba akuvutika, akupemphapempha m'misewu, kenako akumwalira pobereka, mvula ikugwa, khanda lakenso osapulumuka. Mawu ake omaliza ndi akuti, "Adadi ankanena zoona." Pambuyo pake pali mafunso oti ophunzira akambirane m'magulu. Loyamba likuti: Kodi Timba akanatani kuti asakhumudwitse bambo ake?

Nditaweruka ndinalunjika kunyumba kwawo dzuwa likadalipo. Ndinapeza mng'ono wanga akusita malaya oyera pabalaza, alamu ali pakhonde ndi pepala pamwendo, akuyeserera kusaina dzina lawo.

"Alamu!" anatero akutambasula manja. "Ndamva kuti lafika. Ndiuzeni chilungamo, munalirira patsamba liti?"

"Pachikuto," ndinatero. "Alamu, mwamupha mwana wanu."

"Ndapha Timba." Anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta pang'onopang'ono, kuti ndione mmene mlembi amapukutira magalasi. "Inu mabuku mumangowasunga, alamu, simuwabereka. Mlembi amatunga m'moyo wake. Ululu wanga ndausandutsa mankhwala ochiritsa ana a anthu ena."

"Ululu wanu? Amene ankasanza m'bafa mwanga m'mawa uliwonse uja munali inu?"

"Dzina ndasintha."

"Nanga chipsera? Munalephera ngakhale kuchisamutsira kunsidze inayo?"

"Tizinthu toona ngati timeneto ndi timene timapatsa nkhani mphamvu. Olembafe timadziwa."

Ndinawasiya n'kulowa pabalaza pomwe panali mng'ono wanga.

"Iwe, waliwerenga?"

"Maso angawa, asisi. Zilembo zake n'zing'onozing'ono."

"Mauthenga a pafoni umawerenga bwinobwino."

Anatembenuza malaya aja n'kuyamba kusita kolala yomwe anali ataisita kale. "Akuti ndi nkhani chabe. Chonde asisi, musayambitse zinthu. Kuthamanga kwa magazi kwawo kwangotsika kumene."

Munthu wokhoma geti mwana wake ali panja, ife ndiye tiziwasamalira magazi. Ndinatuluka osatsanzika. Alamu anandikuwira ndili pageti lomwelo kuti Loweruka ndisaiwale maluwa a patebulo.

Ndikanatha kulibisa bukulo kuseri kwa mabuku a malamulo a misonkho, komwe ngakhale mphemvu sizipitako. Koma atsikana anali ataitanidwa kale, ndipo atsikana amalukitsa tsitsi. Tsiku lina mmodzi akanakhala pampando wa Phwiti, n'kuyang'ana pagalasi, n'kuona nsidze ija. Ndinaona kuti kuli bwino azimve kwa ine.

Mawa lake masana ndinapita ku saluni. Munali fungo la mafuta a tsitsi ndi tsitsi lopsa, wailesi ikulira pamwamba pa firiji. Phwiti anali atangomaliza kasitomala, akusesa. Kamwana kake kanali pansi pa tebulo kakuveka chidole ulusi wolukira.

"Anti! Mwabwera kudzalukitsa? Imvi zimenezo zikufuna ine."

"Khala pansi," ndinatero, n'kumupatsa bukulo. "Bambo ako alemba. Uyambire kumapeto, usavutike ndi koyambako."

Anayang'ana chithunzi cha pachikuto n'kuseka. Kenako anatsegula. Amawerenga akugwedeza milomo, monga ankachitira ali mwana. Ndinkamuyang'ana nkhope, ndikudikira kuti alire, ndipo ndinali nditakonzeratu mpango. Koma iye anaphulika ndi chiseko mpaka anzake a mu saluni anatembenuka.

"Ndiye ndafa mvula ikugwa? Anti, tsiku lija si kunatentha mpaka munkandikupiza ndi nyuzipepala?"

"Mvula imapatsa nkhani mphamvu," ndinatero.

"Adadi ankanena zoona!" Anagwira pachifuwa n'kudzigwetsera pampando ngati akukomoka. Anzake ankaseka osadziwa chomwe akuseka. Anawerenganso mizere ingapo, ndipo chiseko chija chinazima ngati wathira madzi pamoto.

"Khandalo nalonso?"

"Nalonso."

Anasuzumira pansi pa tebulo. Kamwana kaja kanamuonetsa chidole, kakumwetulira ndi mano ake a mpata.

"Ine andiphe, ndinazolowera," anatero motsitsa mawu. "Koma uyu anawalakwira chiyani? Sakumudziwa n'komwe."

Anatseka bukulo n'kuliika m'chikwama mwake, pamodzi ndi zipeso.

"Mwati Loweruka? Mundisungire mpando, anti. Wakutsogolo."

Loweruka ndinayala nsalu patebulo, ndinaika maluwa apulasitiki omwe timaika pa chilichonse, kuyambira pa mpikisano wa ndakatulo mpaka potsanzikana ndi wopuma ntchito. Atsikana anabwera atavala yunifolomu, nkhope zili zii, ngati anthu amene alandidwa Loweruka lawo. Aphunzitsi awo anakhala kumbuyo n'kulowa mu foni. Mng'ono wanga anakhala pambali, atanyamula chipewa cha amuna ake pamwendo ngati mbale ya mazira. Pampando wina wakutsogolo ndinaikapo chikwama changa.

Bwana analankhula nthawi yaitali. Anawatcha alamu anga nyali ya achinyamata, kenako mlatho, kenako nyali kachiwiri. Alamu anaimirira atavala suti yakuda, n'kuyamba kuwerenga ndi mawu a mlaliki amene wauzidwa kuti kwabwera alendo. Anawerenga za bambo wolemekezeka uja, osadumpha ndi liwu limodzi lomwe. Anawerenga za chipsera, za mnyamata wa njinga yamoto amene ananyenga Timba, za geti ndi misozi yachikondi. Pofika apo anaima kaye n'kuyang'ana kudenga kuti tione kuti akumva ululu. Mtsikana wina anayasamula mokweza.

Atangoti, "Tsopano mutu womaliza," chitseko chinatseguka.

Phwiti analowa atavala diresi yachikasu, tsitsi atalikokera kumbuyo lonse, chipumi chili poyera. Anagwira mwana wake padzanja. Sanathamange. Anadutsa pakati pa mipando, nsapato zikulira, ine n'kuchotsa chikwama changa. Anakhala pansi, anaika mwana pamwendo, n'kupinda manja ngati mwana wasukulu womvera.

Alamu anatsokomola. Anamwa madzi. Anayang'ana bwana, koma bwana ankangogwedeza mutu kuti pitirizani, pakomapa ndi pomwepa. Kubwerera kunalibe. Anawerenga imfa ya Timba mothamanga ngati munthu wowerenga chenjezo la pabotolo la mankhwala. Mzere wa khanda anaudumpha, ndinaona. Mawu omaliza aja anatuluka ngati mpweya wa tayala lobooka, moti a kumbuyo sanamve. Bwana anaomba m'manja yekha kwa kanthawi, ena n'kutsatira.

Inafika nthawi ya mafunso. Ndinkayembekeza chete wa nthawi zonse, koma mtsikana wina wamtali anakweza dzanja.

"Mnyamata wa njinga yamoto uja anathera kuti? Iyenso anamwalira?"

"Nkhaniyi si ya iyeyo," anatero alamu.

"Ndiye anangopitiriza kuyendetsa njinga yake?"

Anzake anaseka. Aphunzitsi anadzutsa mutu, anati "Shii," n'kubwerera mu foni. Wina wa kumapeto anafunsa osakweza n'komwe dzanja.

"Bambowo pokhoma geti, ankaganiza kuti mwanayo akagona kuti?"

"Funso labwino," anatero alamu, thukuta likutsikira mu kolala yosita kawiri ija. "Funso labwino kwambiri. Limeneli mukakambirane m'magulu."

Bwana anaona kuti zinthu zikupendekeka, ndiye analengeza kuti mlembi asainira aliyense amene ali ndi buku. Aphunzitsi anali atagawira atsikana angapo mabuku a alamuwo amene sukulu inagula, ndipo anawakankhira pamzere. Koma woyamba kufika patebulo anali Phwiti. Anatulutsa buku lija m'chikwama, kachipeso kakugwera pansi, n'kulitsegula patsamba loyamba.

Alamu anagwira cholembera, maso ali pabuku. Pakamwa panangotuluka mawu omwe anawaloweza pakhonde paja.

"Ndilembe kuti kwa ndani?"

"Lembani kuti kwa malemu Timba, adadi."

Sanakweze mawu, koma m'chipinda cha laibulale mawu sasowa kukweza. Mtsikana wamtali uja anali kumbuyo kwake. Anasuzumira, anaona nsidze, anagwira pakamwa n'kutembenukira mnzake. Nkhani inayenda pamzere wonse mpaka inakafika kwa aphunzitsi, omwe tsopano anaika foni m'thumba.

Kamwana kaja kanakoka nsalu ya patebulo, maluwa n'kupendekeka.

"Amama, awa ndi ndani?"

"Ndi amene analemba bukuli, mwanangu. Apatse moni."

Kanatambasula kadzanja kake. Alamu anakayang'ana kadzanjako ngati ndi kalata ya kukhoti. Anayang'ana bwana, bwana anali atayamba kuwerenga chikwangwani cha pakhoma choletsa kudyera mu laibulale. Anayang'ana akazi awo.

"Ino si nthawi yake," anatero alamu.

"Nthawi yake ndi iti, adadi? Ine si ndinamwalira kale?"

Apo mng'ono wanga anaimirira. Ndakhala naye moyo wanga wonse, ndipo ndimamudziwa ngati munthu amene amapepesa mpando akaugunda. Anaika chipewa chija pampando, osati mwaukali, anangochiika. Anabwera kutsogolo n'kunyamula kamwanako.

"Bwera kwa agogo," anatero mokweza, kuti aliyense amve. "Tiye tikagule maswiti. Phwiti, tenga buku lako tizipita."

"Sanasaine, amama."

"Sainani, bambo ake," anatero mng'ono wanga.

Anasaina. Chomwe chinatuluka chinali ngati nyerere yagwera mu inki n'kuyenda papepala. Za malemu sanalembe. Phwiti anati zikomo, anawerama pang'ono mwaulemu wonse, ndipo atatuwo anatuluka. Atsikana anawatsegulira njira, ena mpaka kuimirira.

Mzere wosainitsa unatha wokha. Alamu anakhalabe patebulo kwa kanthawi akukonzakonza maluwa apulasitiki, kenako anatenga chipewa chawo n'kutulukira khomo la kumbuyo, kumene timatulutsira makatoni.

Lolemba bwana anandiitana mu ofesi.

"Mayi, mwachititsa manyazi laibulale ino."

"Ine ndinangosunga mpando, bwana."

"Mukanandichenjeza."

"Ndinakufunsani ngati mwaliwerenga."

Anangoti ndizipita, ndipo ndikatseke bwino chitseko.

Bukulo ndinaliika pa shelefu, chifukwa atsikana ankalifunsa tsiku lililonse. Silikhalitsa. Likabwerako limakhala ndi timawu ta pensulo m'mbali mwa masamba. Pomwe bambo akulira pageti, wina analemba kuti "bodza". Pa funso la zomwe Timba akanachita, wina anayankha kuti "akanasankha bambo ena". Mwana akalemba m'buku la laibulale ndimamufufutitsa ndi labala ine nditaimirira pompo. Bukuli ndimangolidinda n'kulibwezera pa shelefu.

Ku saluni ndamva kuti atsikana amafika n'kufunsa kuti, "Malemu alipo?" ndipo amadikira mpando wake ngakhale mipando ina ili yopanda anthu. Mng'ono wanga amapitako masana dzuwa likuswa mtengo, amatsanzika kunyumba n'kutchula komwe akupita. Alamu sanapondeko. Akuti akudikira kuti mwanayo abwere kudzapepesa chifukwa chowasokonezera mwambo.

Sabata yatha mng'ono wanga anadutsa kuntchito kwanga, mdzukulu ali kumbuyo akukoka chidole. Anandiuza kuti alamu ayamba buku lachiwiri, ndipo ulendo uno iye akumaliwerenga amuna akewo akapita kosamba. Muli mayi wina wouma mtima, wansanje, wosadziwa luso, woyang'anira laibulale.

"Ndimwalira bwanji?" ndinafunsa.

"Shelefu ikugwerani, asisi. Mutu wachisanu."

"Ukawauze kuti abwere adzaone kaye. Mashelefu athu ndi okhomerera kukhoma."